Mlendo wa Bambo Jivraj

Nkhaniyi sindinaitole pamsika ayi. Zambiri ndinaziona ndi maso angawa, zinazo mukamufunse Kombo woyendetsa bajaji, kagalimoto ka matayala atatu kaja, akadali moyo kuno ku Tanga.

Bambo Jivraj anali Mmwenye wogulitsa nsalu, nyumba zathu zinali zogundana khoma. Akazi awo anamwalira, ana onse anasamukira ku Canada, kukachisi kwawo kunangotsala nkhalamba zisanu. Ine, wamasiye mnzawo, ndinkawapititsira zitumbuwa m'mawa uliwonse. Ankandichedwetsa ndi nkhani zopanda mutu, pongofuna kumva mawu a munthu, ine mtima uli ku malonda anga.

Nyamakazi itawagwira miyendo, Kombo anawatengera m'bandakucha ku kasupe wa madzi otentha, kuseri kwa minda yakale ya khonje. Malowo ndi okongola, mitengo ya kokonati mbali zonse, koma madzi ake amanunkha ngati mazira owola. Kuyambira kale anasambamo Adigo, Aluya, Agiriki ndi Amwenye, ndipo amati ena mwa akufawo sanatulukemo. N'chifukwa chake aliyense, Msilamu kaya Mkhristu, asanaviike phazi amanena kuti, "Ndabwera ndekha, ndibwerera ndekha."

Kombo akuti mkuluyo ananena mbali yoyamba yokha.

"Malizanitu, madala," anawanong'oneza.

"Kubwerera ndekha kwanditopetsa, mwanawe."

Achule anangoti zii. Pobwerera, bajaji inkapendekera mbali yopanda munthu. Mpando wa mbali imeneyo unanyowa.

M'mawa mwake fungo lija linandichingamira pakhomo pawo. Pasimenti panali mapazi onyowa a munthu wosavala nsapato. Ndinakhudza limodzi. Linali lofunda. Patebulo panali makapu awiri a tiyi.

"Mwantumu, kuyambira mawa uzibweretsa zitumbuwa zinayi," anatero.

"Mlendoyo ndani?"

"Mtundu wake sindinamufunse. Koma amamvetsera kuposa iwe."

"Mukamubweze, bambo. Akutherani moyo ameneyu."

"Iwe umangoima pakhomo. Iye amakhala."

Mawuwo anandilasa chifukwa anali oona. Kuyambira tsikulo sanandichedwetsenso. Ankaonda, khungu litachita makwinya ngati la munthu wokhalitsa m'madzi, koma ankaseka. Kuseri kwa khoma ndinkawamva akulankhula chinenero chawo, n'kukhala chete kudikira yankho, kenako n'kusekanso. Ndisaname, ndinkachita nsanje.

Patatha mwezi, Kombo anawapeza atauma pampando, malaya ali chonyowa. Thupi linakhala lofunda mpaka masana. Ana awo anangoimba foni.

Titachoka kowotcha mtembo, ndinafika kwanga mzikiti ukuitanira pemphero la madzulo. M'nyumba munali zii, monga mwakhalira zaka khumi ndi chimodzi chimwalirire amuna anga. Ndinakhala pamkeka. Kenako fungo lija. Dontho. Dontho lina. Pansi pa chitseko madzi ankalowa pang'onopang'ono, akufuka nthunzi.

Mlendo uja sanagogode. Sananene odi. Anangodikira.

Amadikirabe madzulo aliwonse. Shehe wa mumsewu wathu anandiuza kuti ndingomulamula kamodzi abwerere kwawo, sadzabweranso. Papita masabata atatu, ndipo sindinamulamule.