Chingwe cha Esteri

Esteri anali kamtsikana ka ku Likhubula, m'tsinde mwa phiri la Mulanje. Iye ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kupota chingwe. Osati kachingwe komangira nkhuku, ayi. Ankafuna chingwe chenicheni, ngati cha abambo ake.

Abambo ake anali a Pilato. Iwo ankanyamula matabwa a mkungudza. Ankakwera phiri m'mamawa. Ankatsika matabwa ali pamutu. Masiku amenewo kunalibe galimoto. Matabwa omangira nyumba za ku boma ankatsika pamitu ya anthu.

Njira ya kuphiri si yowongoka. Imakhota uku. Imakhota uko. Imazungulira mwala, kenako imakhotanso. Ndiye matabwa amafuna chingwe cholimba.

Tsiku lina a Pilato anatenga chingwe chawo padenga.

"Mayo ine!" iwo anafuula. "Makoswe aja andilaula!"

Chingwe chinali zidutswa zokhazokha. Makoswe anachidya. Makoswe alibe ulemu, inu!

"Ababa, potani china," anatero Esteri.

A Pilato anatembenuza dzanja lawo. Pachikhato panali bala lalikulu. Thabwa linawacheka dzulo lake.

"Dzanja ili silingapote," iwo anatero. "Amayi ako ali ku Nkando, kwa achemwali awo. Anzanga onse akufuna zingwe zawo. Ndipo kapitawo ananeneratu. Wobwera mawa wopanda chingwe abwerere kwawo. Malo ake atenga wina."

Esteri anamva chisoni. Abambo ake anachokera kutali, kuseri kwa phiri, kwa Apwitikizi. Ntchito iyi anaipeza movutikira. Ikatha, banja lidya chiyani?

"Ndipota ine," anatero Esteri.

Danieli, mchimwene wake, anali kusenda chinangwa pakhonde. Iye anaseka mpaka kugubuduka.

"Iwe? Timanja ngati ta chule ito?"

"Nanga inu, achimwene, mumatha?"

Danieli anapukusa mutu. Anayang'ana kumbali. Iye kupota sankadziwa. Ankangodziwa kuseka basi.

Esteri anathamangira kutchire. Anafundula luzi pamtengo wa mombo. Analiviika m'madzi kuti lifewe. Analing'amba timaluzi tating'ono. Kenako anabwerera kunyumba n'kukhala pansi, mwendo tambalale.

Anaika timaluzi tiwiri pantchafu. Anakankha ndi chikhato. Pote, pote! Anakankhanso. Pote, pote! Chingwe chinakula msanga.

"Onani!" iye anafuula. "Ndatha!"

Anachinyamula m'mwamba. Koma ha! Chingwe chija chinayamba kuzungulira chokha. Chinazungulira, chinazungulira. Chinapotoloka chonse. Timaluzi tinagwa pansi, tili balala.

Danieli anasekanso. "Chingwe chako chathawa!"

Esteri anakhotetsa pakamwa. Misozi inali pafupi. Anafuna kutaya luzi lonse kudzala.

"Bwera kuno, mayi wanga," anatero a Pilato. "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Iwe wangokankha. Sunabweze."

"Kubweza?"

"Eya. Kankha kutsogolo, kaluzi kalikonse kapote pakokha. Kenako bweza kumbuyo, tiwirito tikulungane. Kena kakafuna kumasuka, kanzake kamakagwira."

Esteri anakhalanso pansi. Anaika timaluzi tiwiri pantchafu.

Kankha. Pote, pote!

Bweza. Kulunge, kulunge!

Anachinyamula m'mwamba. Anadikira. Chingwe sichinazungulire. Sichinapotoloke. Chinangoti zii.

"Ehee!" anatero a Pilato. "Pamenepo ndiye wakhoza. Luzi likamatha, lowetsa lina. Usamange mfundo."

Esteri anapota. Kankha, bweza. Kankha, bweza. Dzuwa linapendeka, iye akupotabe. Nkhuku zinalowa m'khola, iye akupotabe. Ntchafu inafiira. Chikhato chinatentha. Njala inamupota m'mimba. Koma mwana uja, nkhutukumve! Sanadzuke.

Pomaliza chingwe chinatalika. Chinachoka pakhonde mpaka pankhokwe. Pena chinali chonenepa. Pena chinali chowonda. Sichinali chokongola ngati cha abambo ake.

A Pilato anachiponda ndi phazi. Anachikoka ndi dzanja labwino lija. Chingwe chinalira, koma sichinaduke.

"Tikachiona kuphiri," iwo anatero.

M'mawa a Pilato anakulunga chingwe paphewa. Anapinda nkhata yawo ya udzu. Ananyamuka ndi anzawo. Esteri anawayang'ana. Njira inakhota, iwo anabisika.

Masana kunagwa mvula yowaza. Miyala inayamba kuterera. Esteri anatenga nyemba zophika za kalongonda m'kambale. Anapita kumtsinje kukadikira abambo ake. Danieli anamutsatira.

Mtsinje wa Likhubula unali utadzaza. Madzi ankazungulira pamiyala. Ankapanga thovu. Ankasokosa koopsa.

Esteri ankacheukacheuka. Nanga chingwe chikapotoloka? Matabwa amwazika. Kapitawo akalipa. Ntchito itha.

"Awo!" anafuula Danieli. "Akubwera!"

Amuna anatulukira pamwamba. Ankatsika mondondozana, matabwa ali pamutu. Njira ikakhota, iwo ankakhota. Njira ikazungulira, iwo ankazungulira. A Pilato anali pambuyo pa onse.

Pafupi ndi mtsinje panali pokhota poipa. Mwala wake unali wosalala. Woyamba anadutsa. Wachiwiri anadutsa. Onse anadutsa bwino. Kenako anafika a Pilato.

Mwadzidzidzi kunabwera mphepo. Fuuu! Mphepo inamenya matabwa. Matabwa anazungulira pamutu. A Pilato anazungulira nawo. Phazi linaterereka. Khu! Iwo anagwa chokhala.

"Ababa!" anakuwa Esteri.

Matabwa anagwa pamwala. Anatembenuzika. Anatembenuzikanso. Anatsetsereka kulowera kumadzi. Nsonga ya chingwe inkakwawa pambuyo ngati mchira.

A Pilato anadumpha. Anagwira nsonga ija. Anaikulunga pamkono. Matabwa analendewera pamwamba pa madzi. Chingwe chinati nga! Chinalira. Chinalira kwambiri.

Esteri anagwira pakamwa. "Usamasuke," iye ananong'ona. "Chonde, gwiranani."

Danieli anathamanga. Amuna aja anatula katundu wawo. Nawonso anathamanga. Onse anagwira chingwe.

"Tiyeni nacho! Kokani!"

Anakoka. Matabwa anakwera pang'ono. Anakokanso. Matabwa anakwera. Anakokanso mwamphamvu. Matabwa anafika pamtunda! Onse anali omangika bwinobwino. Palibe ndi limodzi lomwe linapita ndi madzi.

Esteri anathamangira abambo ake. Kalongonda anatayika theka m'njira. Iye analibe nazo ntchito.

"Ababa, mwapweteka?"

"Matako okha," anatero a Pilato. Amuna onse anaseka.

Panali bambo wina wa ndevu zoyera, dzina lake a Faraji. Iwo anatenga chingwe chija. Anachitembenuza uku ndi uku. Anayesa kuchipotolola ndi zala. Chingwe chinakana.

"Koma abale!" anatero a Faraji. "Chingwe chonyansa chonchi, koma cholimba chonchi! Che Pilato, wapota ndani?"

A Pilato anaimirira. Anapukuta matope. Ananyamula Esteri n'kumuika pamwamba pa matabwa.

"Wapota ndi uyu," iwo anatero mokweza. "Mwana wanga. Mwana wa Pilato!"

"Kameneka?"

"Kameneka!"

Esteri anatambasula chikhato chake. Chinali chofiira. Chinali ndi matuza. Iye anachikweza m'mwamba kuti onse aone. Sanachite manyazi ngakhale pang'ono. Mtima wake unadzaza ngati mtsinje uja.

Danieli anatembenukira kwa amuna aja. Anatukumula chifuwa.

"Ameneyu ndi mlongo wanga," iye anatero.

"Ha! Lero ndine mlongo wanu?" anatero Esteri. "Si ine wa timanja ta chule?"

Danieli anakanda mutu. Amuna anasekanso.

A Pilato anakonza nkhata yawo. Anasenzanso matabwa. Anakapereka kwa kapitawo, onse athunthu. Malo awo sanatenge wina.

Madzulo amayi anabwera kuchokera ku Nkando. Anapeza ana awo ali pakhonde. Onse awiri anali miyendo tambalale. Pakati pawo panali mulu wa luzi.

Danieli ananyamula kachingwe kake m'mwamba. Kanazungulira, kanazungulira. Kanapotoloka konse.

"Mwana wanga, ukutani?" anafunsa amayi.

"Akuphunzira," anayankha a Pilato. "Ali ndi mphunzitsi waukali."

Esteri sanaseke. Anatola timaluzi tija. Anatiikanso pantchafu ya mchimwene wake.

"Achimwene, mwangokankha," iye anatero. "Tsopano bwezani."