Injini Yobangula pa Mtsetse

Munthu sanyamuka dzuwa litalowa, makamaka ndi galimoto yokalamba. Koma Garifalia ndi wosamva. Tsikulo anamaliza mochedwa kuthyola azitona, ndipo zipatsozo zikagona m'matumba mafuta ake amawawa, ogula n'kuwakana. Nanga ana ake akanadya chiyani chaka chonse? Anakweza matumba m'pikapu imene malemu mwamuna wake anamusiyira, n'kuuyamba wotsika phiri kupita kofinyira mafuta kwa a Lefteris.

Atangofika pamtsetse, injini inachita misala. Phazi wachotsa pamoto, koma iyo ikungobangula, kukankhira galimoto kuphompho. Mabuleki anayamba kununkha. Mabuleki akanunkha, ananu, imani! Garifalia anaima pakona, pafupi ndi kanyumba kachitsulo kaja kamene abale amayatsamo nyali pokumbukira munthu wofera pamsewu. Nyaliyo inali yozima.

Kuthimitsa injini anaopa, batire inali yotha. Anatsegula boneti. Mdima bii. Mphepo. Kenako... fungo la fodya!

"Ikukuwa ngati mbuzi yomangidwa, eti?"

Pambali pake panaima bambo wina wachikulire, manja m'matumba. Mapazi ake Garifalia sanawamve.

"Gwira waya wa moto, mwana wanga," anatero bamboyo. "Wakakamira?"

"Ayi bambo... ukubwerera bwinobwino."

"Nanga choki, chotsekera mpweya chija?"

"Chatseguka."

"Ndiye ikuba mpweya, mbava imeneyi. Tseka pakamwa, tsegula makutu."

Anatchera khutu. Pansi pa phokoso lonselo panali kamluzu. Sssss... Koma timapaipi ta labala tinali tambiri, maso osaona kanthu.

"Tenga botolo la mafuta a nyali m'kanyumbamo, uzipaka kapaipi kalikonse. Mafuta akatseka mng'alu, injini ikuuza yokha."

"Mafuta a wakufa? Bambo inu, limenelo ndi tchimo!"

"Mwini wake sangakwiye. Ndimamudziwa."

Zinthu za akufa sitigwira, izi aliyense amadziwa. Koma Garifalia anaganiza za ana ake, n'kutenga botololo. Anapaka aka. Palibe. Anapaka ako. Palibe. Atafika pa kena kobisala kumbuyo, injini inatsitsa mawu mwadzidzidzi! Kanali kong'aluka kunsonga. Anadula pong'alukapo ndi mpeni wake wosadzira nthambi, n'kukabwezera mothina. Injini inayamba kulira motsitsa, ngati mphaka wokhuta.

"Utsike ndi giya yoyamba," anatero bamboyo. "Ine ndinafulumira pamtsetse uno."

Garifalia anabweza botolo, n'kucheuka kuti athokoze. Kunalibe munthu. Msewu zii... koma m'kanyumba muja nyali inali ikuyaka!

Anatsika pang'onopang'ono, osayang'ana kumbuyo. Kofinyira mafuta, a Lefteris atamva nkhaniyo anavula chipewa n'kuchita chizindikiro cha mtanda.

"Ameneyo ndi Manousos, makanika wa mudzi uno. Galimoto za anthu onse ankakonza, koma yake itayamba kubangula choncho anati aiona mawa. Inamuponya pakona pomwepo. Tinamuika m'manda iwe usanakwatiwe."

Mafuta a Garifalia anatuluka obiriwira, onunkhira, ndipo ogula anachita kuwalimbirana. Botolo loyamba sanagulitse. Anakwera nalo phiri masana dzuwa likuswa mtengo, n'kukaliika m'kanyumba kaja, ndipo mpaka lero nyali ya Manousos sizima.

Koma inu, injini ikayamba kukuwa yokha, musamati mawa. Si kona iliyonse ili ndi makanika.