Tsamba Limene Amalume Anasuta

Kwa Kaphuka kunali mphekesera. Kuchitsime ankanong'ona. Kusukulu ankanong'ona.

Akuti a Rafaelo ali ndi maso a kabawi. Akuti buku likabwerera, amaliona tsamba ndi tsamba. Akuti likasowa tsamba limodzi, basi. Sudzabwerekanso buku mpaka udzamere imvi.

A Rafaelo anali mphunzitsi. Iwo ndiwo ankasunga kabati ya mabuku pasukulu.

Jesinta, mwana wa pasukulupo, ankaopa mphekeserayo. Koma Jesinta ankakonda mabuku kuposa nzimbe.

Tsiku lina kunabwera mabuku atsopano. Anabwera pa lole mpaka pa Linthipe. Kuchokera apo anakwera njinga ya a Rafaelo.

Ana anaunjikana pakabati. A Rafaelo ananyamula buku loyamba.

"Ili zilembo zake ndi nyerere," anatero. "Mwana angafe maso."

Ananyamula lina.

"Ili ndi malangizo okhaokha. Samba m'manja, samba m'manja. Ngakhale ine ndinagona nalo."

Ana anaseka.

"Ili la sitima, zithunzi zake n'zokongola. Koma nkhani mulibe. Sitima ikungopita, kungopita."

Kenako ananyamula kabuku kofiira.

"Aka ndi ka kambuzi kotayika mu nkhungu. Aka mukawerenga, mumva kuzizira kwa kwathu kuno. Afuna ndani?"

Mkono wa Jesinta unali kale m'mwamba.

Madzulo alionse Jesinta ankawerenga pakhonde. Amayi ankamvera akusenda mbatata. Amalume ake, a Yeremiya, ankamvera akusuta fodya. Iwo sankadziwa kuwerenga. Koma pa kumvera, panalibe wowaposa.

Kambuzi kanasochera. Kambuzi kanalira. Kambuzi kanakwera phiri. Ndiye kumbuyo kunamveka mapazi.

"Mapazi a ndani?" anafunsa amalume.

"Kwada, amalume. Zilembo sizikuoneka. Latsala tsamba limodzi. Timaliza mawa."

M'mawa kunagwa mvula yowaza. Makoko a chimanga onse ananyowa. Ndipo amalumetu ankapichira fodya wawo m'makoko. Anafuna uku. Anafuna uko. Kenako anaona kabuku kofiira pamphasa.

Madzulo Jesinta anatsegula buku. Anatembenuza. Anatembenuzanso. Tsamba lomaliza panalibe.

"Tiye, mwana iwe, werenga," anatero amalume. "Mapazi aja anali a ndani?"

"Tsamba lasowa, amalume."

"Liti? Lakumbuyo lija? Lopanda chithunzi?"

"Lomwelo."

Amalume anakanda m'mutu.

"Inetu ndinasankha bwinobwino. Azithunzi onse ndinawasiya. Ndinati ili ndi lotsala chabe."

Amayi anaika mpeni pansi.

"Achimwene, mwasuta nkhani ya mwana?"

Jesinta sanaseke. Misozi inalengeza. Kabati ija idzamutsekera mpaka imvi.

Amalume anayang'ana Jesinta. Kenako anati, "Usalire. Mawa tipita tonse. Wosuta ndine."

Kutacha anapita. Amalume anavala jekete lawo la kutchalitchi. Jesinta anabisa buku m'nsalu. Ana anzake anaona. Anayamba kunong'ona. Ena anasuzumira pawindo.

A Rafaelo analandira buku. Analiona tsamba ndi tsamba. Mphekesera ija sinaname. Atafika kumapeto, anakweza maso.

"Jesinta, tsamba lili kuti?"

Amalume anavula chipewa.

"Pepani, aphunzitsi. Mwanayu alibe mlandu. Tsambalo lili m'chifuwa mwangamu."

"M'chifuwa?"

"Makoko ananyowa, aphunzitsi."

A Rafaelo anatseka pakamwa ndi dzanja. Mapewa awo anagwedera.

"A Yeremiya, buku si fodya."

"Ndamva, aphunzitsi. Koma tandiuzani chabe. Mapazi aja anali a ndani?"

"A fisi. Anakadya kambuziko. Kenako wolemba anati ana azimvera makolo. Basi, buku latha."

"Ndiye ndinasuta fisi?" anatero amalume. "N'chifukwa chake ndinatsokomola."

Pawindo ana anagwa nako kuseka.

"Kunena zoona, tsamba limenelo silinandikomere," anatero a Rafaelo. "Buku lokoma chonchi, n'kulithera pa fisi? Wolembayo anathamangira chakudya."

Jesinta anasendera pafupi.

"Aphunzitsi, ndiye sindidzabwerekanso?"

"Wakuuza ndani? Lamulo langa ndi ili: woononga amakonza."

Anatsegula kabati. Anatulutsa pepala loyera. Anatulutsanso pensulo. Jesinta ankalemba pa sileti pokha. Pepala loyera chotero anali asanaligwirepo.

"Iwe ulembe tsamba latsopano. A Yeremiya alisokerere ndi ulusi. Likabwera, utenga buku lina."

"Ndilembe za fisi?"

"Pensulo ili kwa iwe, si kwa fisi."

Jesinta anathamanga njira yonse. Amalume ankabwera kumbuyo, wefuwefu.

Madzulo anakhalanso pakhonde. Pepala linali pa bondo la Jesinta. Amayi anakhala pakati pa pepalalo ndi amalume.

"Mapaziwo akhale a mayi wake," anatero amayi. "Akapeze m'munda wa mbatata."

"Ayi, mlongo," anatero amalume. "Akhale a munthu wa njinga. Kambuzi kakwere njinga, kakaone Linthipe."

"Mbuzi pa njinga, achimwene?"

"Mabuku anakwera. Mbuzi ingalephere?"

Jesinta anaseka mpaka pensulo inagwa. Anaitola. Anaipukuta. Anaganiza za kambuzi kaja, kali kokha paphiri. Mapazi akuyandikira. Kambuzi kakutembenuka.

Jesinta anamwetulira. Anawerama. Anayamba kulemba.

Nanga iwe, pensulo ikanakhala m'manja mwako, mapaziwo akanakhala a ndani?