Kalondo wa Kuseri kwa Khutu

Pofika chaka cha 2074, aliyense pa fakitale ya mabatire a dzuwa ku Limbe ankavala kalondo. Kanali kachipangizo kangati mkanda, kokhala kuseri kwa khutu. Kankayeza mphamvu za m'thupi n'kumanong'oneza kuti, "Imwa madzi. Puma pang'ono. Tsopano gwira." Uthenga wa pafoni wosakhudza ntchito kankausunga mpaka kapitawo atalola. Kale foni inkangolira, munthu n'kusiya zonse n'kuthamanga. Masiku amenewo anali atapita.

Mwandida ndiye ankakonza tizipangizoti tikawonongeka. Mchimwene wake atamwalira ku Thyolo, kapitawo wake, a Likongwe, anausunga uthengawo masiku atatu. Mwandida anafika kumudzi nkhata zapamanda zitafota kale.

"Bwana, munadziwa?"

"Ndinadziwa. Nanga ukanapita akanadzuka? Sabata ija unagwira ntchito ya anthu awiri, uzindithokoza."

"Zikomo, bwana," anatero Mwandida, mano ali gwa.

Kalondo wa a Likongwe atabwera kudzakonzedwa, Mwandida anauza kalondoyo chinthu chimodzi chokha: uthenga uliwonse wa maliro a eni aziufufuta.

Zaka zitatu a Likongwe sanaponde pasiwa pa munthu. Akazi awo akawakumbutsa, ankangoti, "Foni yanga sinanene." Ntchito inayenda, anawakweza kawiri. Kwawo ku Chiradzulu anthu ankangoyang'ana.

Kenaka mwana wawo wamkazi, Tadala, anamwalira. Mwandida anakwera basi yamagetsi kuti akaone ndi maso ake.

Makina okumba analipo, koma kumudziko manda ankakumbabe ndi anthu. Adzukulu, amuna okumba manda aja, anali khale pansi pa mtengo wa mango, makasu ali pambali.

"Chonde abale anga, dzuwa likupita," anadandaula a Likongwe.

"Abale? Ife?" anayankha mkulu wa adzukulu. "Tikuika amayi anga munali kuti, achimwene? Uzani ka m'khutu kanuko kakukumbireni."

A Likongwe anatola khasu n'kulowa okha kumanda. Mwandida anawaona akugwa m'dzenje losafika m'mawondo, kalondo akuwauza kuti mphamvu zatha, apume. Mtima wake unazizira bwino, monga ankafunira zaka zonsezi.

Ndiye anasuzumira m'nyumba ya siwa. Munalibe nyimbo, munalibe amayi a mpingo. Mayi a Tadala anali okha pamphasa, akuingitsa ntchentche pabokosi ndi nsonga ya chitenje.

"Mwabwera ndinu nokha, mwanangu," anatero. "Ndinu mwana wa ndani, wamtima wabwino chonchi?"

Mwandida anavula kalondo wake, n'kukhala pansi pambali pawo, n'kuyamba nyimbo. Palibe anaipolokoza.

Msampha anautchera munthu mmodzi, koma anaiwala kuti pakhomo pa munthuyo pamadutsanso ena.