Eliseu Apalasa Njinga

Ilda anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ankakhala m'mudzi wina pafupi ndi Chiputo. Ilda ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti Amayi adzamumve akuimba pa Tsiku la Ana.

Tsiku la Ana limakhala pa 1 Juni. Pa tsikuli kusukulu kulibe masamu. Ana amavina, amaimba, amadya mabisiketi otchedwa mabolasha. Chaka chimenecho apulofesola, aphunzitsi awo, anasankha Ilda kuti atsogolere nyimbo.

Koma panyumba panali vuto. Vutolo linali ndi miyezi iwiri. Dzina lake linali Eliseu.

Eliseu anali mlongo wake wa Ilda. Analibe dzino ngakhale limodzi. Koma mawu okha anali nawo okwanira mudzi wonse. Akangoyamwa, ankalira. Ankapinda timiyendo. Ankafumbata timanja. Kamimba kake kankauma gwa ngati kang'oma.

"M'mimba mukumupota," anatero Amayi.

Ilda anamuimbira. Eliseu analira.

Ilda anamubereka. Eliseu analira.

Ilda anamuvinira mpaka kugwa m'fumbi. Eliseu anamuyang'ana pang'ono. Kenako analira koposa kale. Nkhuku nazo zinatopa, zinasamukira kuseri kwa nkhokwe.

Titiya Domingas, alongo awo a Atate, anabwera ndi mizu m'kachitini.

"Mumwetseni iyi, mulamu," anatero.

"Pepani," anayankha Amayi. "Kuchipatala anati mwana wamng'ono chonchi ndi bere lokha."

Titiya Domingas anabwerera ndi kachitini kawo, akung'ung'udza. Eliseu anapitiriza kulira.

Amayi anaitana Ilda.

"Mwanangu, mlongo wako akapitiriza chonchi, kusukulu sindibwera. Angasokoneze nyimbo za anzako."

Ilda anakwiya. Anakwiya kwambiri. Nyimbo ija anali ataiphunzira mwezi wathunthu. Tsopano kunatsala masiku atatu okha.

M'mawa mwake Atate anapopa njinga. Amayi anakhala kumbuyo, Eliseu ali kumsana m'nsalu ya kapulana. Ilda anakhala pachitsulo chakutsogolo. Ulendo wa kuchipatala unayamba.

Msewu unali wa miyala. Msewu unali wa maenje. Gubudu! Gubudu! Ilda anamva kuwawa pokhalira. Eliseu analira njira yonse mpaka pamtsinje.

Pamtsinje panamveka kaphokoso.

Pwiii.

"Tayala laphulika," anatero Atate.

Onse anatsika. Atate anafinya tayala lakutsogolo. Linali bwinobwino. Anafinya tayala lakumbuyo. Linali bwinobwino. Anakanda m'mutu, onse n'kukweranso. Kuchokera pamenepo Eliseu anangoti zii.

Kuchipatala mzere unali wautali, mpaka pansi pa mtengo wa mango. Eliseu anayang'ana anthu. Kenako anamwetulira, nkhama zonse pamtunda.

"Taonani, wachira," anatero Amayi. "Anthu atiseka. Tabweretsa mwana woseka."

"Chimanga chikundidikira kumunda," anatero Atate.

Anabwerera. Gubudu! Gubudu! Atafika kunyumba, Eliseu anayamwa. Anapinda timiyendo. Anafumbata timanja. Analira.

Ilda anagwira m'chiuno.

"Iwe Eliseu, ukuchitira dala," anatero.

Koma Eliseu anali wotanganidwa ndi kulira.

Kutacha, Atate anapopanso njinga. Msewu unali womwewo. Miyala inali yomweyo. Maenje anali omwewo. Eliseu analira mpaka pamtsinje.

Pwiii.

"Lero ndiye laphulikadi," anatero Atate.

Anafinya lakutsogolo. Anafinya lakumbuyo. Matayala onse anali bwinobwino. Eliseu anangoti zii.

Kuchipatala mzere unafikanso pamtengo wa mango. Ndipo Eliseu, mwana wopanda manyazi, anamwetuliranso.

"Tiyeni tizipita," anatero Amayi mousa moyo.

Ilda anakhala pansi, m'fumbi momwemo.

"Ine sindikwera, Amayi."

"Ukuti bwanji?"

"Mwana uyu akutinamiza. Kuno amaseka, kunyumba amalira. Tsiku la Ana ndi mawa. Chonde, tidikire."

Amayi anayang'ana Atate. Atate anayang'ana Ilda. Kenako anatsamiritsa njinga pamtengo.

Anadikira. Anadikira. Dzuwa linafika pamutu. Njala inayamba kuluma. Pomaliza analowa kwa anamwino. Dzina lawo linali a Fátima.

"Wodwala ndani?" anafunsa a Fátima.

Eliseu anawamwetulira. Amayi anachita manyazi. Ndiye Ilda analankhula.

"Wodwala ndi uyu wosekayu. Akayamwa amalira. Kamimba kamauma gwa. Koma akakwera njinga amasiya. Dzulo anasiyira pamtsinje. Lero wasiyira pamtsinje pomwepo."

A Fátima sanaseke. Anagoneka Eliseu pabedi. Anamuyeza kutentha kwa thupi. Anamugwira kamimba mofatsa.

"Waona bwino, mwanangu," anatero. "Ndi mpweya. Akamayamwa amameza mpweya. Mpweyawo umamupota m'mimba. Njinga ikamugwedeza, mpweya umatuluka."

"Umatulukira kuti?" anafunsa Atate.

"Kumbuyo, bambo."

Atate anakanda m'mutu. Anakumbukira matayala aja.

A Fátima anapatsa Amayi kabotolo ka mankhwala.

"Awa ndi madontho. Muzimupatsa monga ndalembera apa, osapitirira. Akayamwa, muzimuika paphewa mpaka ageye. Akatentha thupi kapena kusanza, mubwere naye msanga."

"Nanga akayamba kulira, njinga ili kumunda?" anafunsa Ilda.

"Ndiye apalase yekha," anatero a Fátima.

Anagwira timiyendo ta Eliseu. Anapinda kamodzi, n'kutambasula kena. Anapinda kena, n'kutambasula koyamba. Pang'onopang'ono, ngati munthu wopalasa njinga. Ilda anayesa. Anayesanso. Anadziwa.

Tsiku la Ana linafika. M'mawa Amayi anapatsa Eliseu madontho ake. Anavala kapulana yatsopano. Onse anapita kusukulu.

Makolo anakhala pamikeka. Ana anaima pamzere. Ilda anaima patsogolo. Anaona Amayi akuyamwitsa Eliseu.

Ilda anatsegula pakamwa kuti ayambe nyimbo. Eliseu anamutsogolera.

Anapinda timiyendo. Anafumbata timanja. Analira.

Anthu onse anacheuka. Amayi anamuika paphewa, koma sanageye. Ndiye anaimirira. Anayamba kumanga kapulana. Ankapita kunyumba.

Misozi inalengeza m'maso mwa Ilda. Mwezi wathunthu wophunzira nyimbo! Maulendo awiri pachitsulo cha njinga!

"Apulofesola, mundidikire pang'ono," anatero.

Anathamangira kwa Amayi.

"Musapite. Mugonekeni apa."

Amayi anagoneka Eliseu pamkeka. Ilda anagwada. Anagwira timiyendo.

"Palasa, Eliseu, palasa," anatero. "Palasa mpaka pamtsinje."

Eliseu analira. Ilda anapalasa.

"Palasa, Eliseu, palasa," anathandizira anzake pamzere.

Eliseu analira. Ilda anapalasabe. Manja anatopa, koma sanasiye.

Pwiiiiii.

Pabwalo ponse panati zii. Atate anatembenuka n'kuyang'ana njinga yawo.

Amayi ndiwo anayamba kuseka. Titiya Domingas anaseka mpaka kugwira nthiti. Apulofesola anabisa nkhope m'chipewa. Eliseu anatambasula timanja, anayasamula.

Amayi anakhalanso pansi.

"Pita ukaimbe, mwanangu," anatero. "Ndili pompano."

Ilda anasasa fumbi m'maondo. Anabwerera patsogolo. Anaimba. Anzake anavomera. Amayi anamva nyimbo yonse, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Anaimba nthungululu kuposa amayi onse.

Ilda atabwera pamkeka, anasuzumira m'kapulana. Eliseu anali m'tulo tofa nato.

"Taonani mwana uyu," anatero Ilda. "Masiku onse aja ndinkamuimbira kuti agone, iye ayi. Lero ndimafuna amve, wagona."

"Ine ndamva," anatero Amayi.

Anamukokera pafupi, n'kumupatsa bolasha.