Dzanja Limene Anandigwira Mkulu wa Mkanjo

Inu amene mumati ndimakokomeza nkhani, bwerani mundigwire dzanja lamanjali. Gwirani, silikuluma. Mwamva kuzizirako? Ndiye khalani pansi mundimvere mpaka ndimalize, zotsutsazo mukatsutsire kwanu.

Ine sukulu ndinalekezera Folomu 4, koma ndinabala dokotala. Chisamba changa, mtsikana amene ndinamuphunzitsa ndi makina osokera, anamuitana ku msonkhano wa anthu ophunzira, ku mzinda wakale wa yunivesite, kuti akafotokoze kafukufuku wake wa matenda a ana. Poti anali ndi khanda loyamwa, anati, "Amayi, tiyeni mukandigwirireko mwana." Alamu anga anati ndikasochera pabwalo la ndege. Ndinangosoka madiresi atsopano n'kuwadutsa pakhomo osawayang'ana.

Mzindawo ndi wokalamba, abale. Nyumba zamiyala zakuda bii, timisewu topapatiza, belu lapansanja lomveka mpaka m'mano. Masitepe ake ndi odyeka pakati ndi mapazi a anthu amene anagona kalekale.

Madzulo oti mawa alankhula, mwana wanga anapita kukayeserera mu holo. Atabwera anakhuthulira chikwama pabedi, nkhope n'kugwa.

"Amayi, fulashi yanga!"

Fulashi ndi kachipangizo kangati chala, kosungira zinthu za pakompyuta. Ntchito yake yonse inali mmenemo, ndipo panali zoti akonze asanagone. Anaiiwala pa kompyuta ya pagome la wolankhula. Mawa woyamba kulankhula anali iye, pamaso pa akuluakulu amene ankaganiza zomulemba ntchito. Khanda nalo thupi linali litatentha, silinkalola kuchoka kubere.

"Pukuta misozi," ndinatero. "Amako akadali moyo."

Ndinavala baji yake m'khosi, chifukwa usiku wopanda baji salowa, ndi kutuluka. Kunja kunali kutada.

Mlonda wa pakhomo la holo anayang'ana baji, kenako imvi zanga.

"Mayi, bwanji mudikire kuche?"

"Bambo, ine ndakwera ndege pobwera kuno. Chitseko sichingandibweze."

Anandipatsa kiyi, koma iye sananyamuke pampando.

"Mukapeza wina akulankhula, musatuluke asanamalize. Onse amene anathawa, mawa lake pagome paja mawu sanatuluke."

Ndinaseka. Mumtima ndinati mkuluyu walawako.

Mu holo munkanunkha polishi ndi mabuku onyowa. Mipando yamatabwa yopinda, mizere yokwera mpaka kudenga, yonse yopanda munthu. Magetsi ozima. Koma pagome paja kanyali kankayaka, ndipo wina ankawerenga.

Anali mkulu wamtali, wovala mkanjo wakuda. Mawu ake apansipansi, osapumira. Maso a telala amayamba kuona msoko. Mkanjowo unali wosoka pamanja, ulusi wolunjika bwino, ntchito yoti ngakhale ine ndinaigwadira. Ndinatsitsa maso mpaka kumpendero.

Pansi pa mpendero panalibe nsapato.

Panalibe mapazi.

Mpweya wanga unkatuluka ngati utsi chifukwa cha kuzizira. Wake sunkaoneka. Pafupi ndi chigongono chake, fulashi ya mwana wanga inkaphethira kofiira.

Anasiya kuwerenga. Anadzutsa mutu. Sanayang'ane nkhope yanga, anayang'ana baji. Anatchula dzina la mwana wanga lonse, pang'onopang'ono, osaphonya.

"Mawa woyamba ndinu," anatero.

Pamenepo mawu a mlonda anandibwerera. Dzina limene ndavala si langa. Ndikathawa ine, wosowa mawu mawa ndi mwana wanga. Miyendo inati thawa. Mimba imene inamunyamula inati khala.

Ndinatsitsa mpando wakutsogolo kwenikweni, ndi kukhala, chikwama pamaondo.

Anapitiriza. Zinali za nyenyezi ndi kayendedwe kake. Mapepala ankatembenuka osalira. Belu lapansanja linagunda, iye osaleka. Zala zanga zinachita dzanzi. Koma ine ndinaleredwa, munthu akamalankhula sumusiya yekha. Ndinkagwedeza mutu. Penapake ndinati, "Eya." Anandiyang'ana pang'ono, mawu ake n'kukwerako.

Kenako anafika pamapeto. Anasanja mapepala.

"Pali funso?"

Anayang'ana mzere wapamwamba. Zii. Wotsatira. Zii. Anatsika nawo mizere yonse, umodziumodzi. Nkhope yake inali ya mwana amene makolo ake sanabwere tsiku lotsekera sukulu. Ndiye ndinaona dzanja lake likutenga pepala lapansi kulibwezera pamwamba. Ankafuna kuyambiranso.

Iii, ayi. Osati ine ndilipo. Ine pa msonkhano wa makolo, aphunzitsi aakulu ankachita kupemphera kuti ndidwale chimfine. Palibe msonkhano umene ndinatulukamo osafunsa funso. Ndinakweza dzanja.

"Zikomo, bambo," ndinatero nditaimirira. "Mwalankhula zakupsa. Funso langa ndi ili: mkanjo wokongolawu anakusokerani ndani?"

Kanyali kanaphethira. Anayang'ana mkono wa mkanjo nthawi yaitali, ngati akuuona koyamba. Anausisita.

"Mkazi wanga."

"Ali ndi manja mayi ameneyo. Ali kuti?"

"Anati andidikira panja."

"Panja? Kukuzizira chonchi? Bambo, maphunziro ndi abwino, koma zimenezo ndiye ayi. Ife tamva zonse. Pitani akakufunseni mmene zayendera."

Ndinaomba m'manja. Ndekhandekha, mu holo yonse ija, mwamphamvu ngati pa ukwati wa mwana wanga.

Anachoka pagome. Anabwera osaponda. Anatambasula dzanja, ndipo ine sindinakanepo moni wa munthu. Kuzizira kwake kunalowa m'mafupa mpaka m'phewa. Anawerama pang'ono, n'kukwera masitepe. Chitseko sichinatseguke, koma nditacheuka munalibe munthu.

Ndinazula fulashi, kukiya holo, kubweza kiyi. Mlonda anandiyang'ana kukamwa kuli yasa.

"Mugone bwino, bambo," ndinamuuza, kuti amve kuti mawu ndili nawo.

Kuchipinda ndinangopereka fulashi. Mwana wanga anakhala pa ntchito yake. Ine ndinaika dzanja lija pamphumi pa khanda, ndipo linagona tulo tofa nato.

M'mawa mayi wogawa tiyi anandikokera pambali, mlonda anali atamuuza kale. Ananong'oneza kuti mkuluyo anali mphunzitsi wa makedzana. Anagwira ntchito imodzi moyo wake wonse, koma tsiku loifotokoza anzake anapangana kuti asabwere. Anawerengera mipando mpaka kumapeto, n'kugwera pagome pomwepo. Ena amati si iye, ndi mphepo yolowera kudenga. Ndinati mphepo siisokeredwa mkanjo.

Mwana wanga anakwera pagome. Anatsegula pakamwa.

Mawu anatuluka ngati belu lija.

Atamaliza, manja ofunsa mafunso anali ngati nkhalango. Ine ndinali pampando wanga womwe uja, khanda kumsana kwanga litasuzumira. Ndinacheukira kumzere wapamwamba. Kunalibe munthu, mipando yonse yopinda. Kupatula iwiri yoyandikana, imene inali yotsitsa.

Ntchito anamulemba, koma imeneyo ndi yake, anaikhetsera thukuta yekha. Zanga ine ndi izi. Pamaso pa madokotala a mayiko onse aja anandiloza n'kunena kuti, "Awo ndi amayi anga," holo yonse n'kundiombera m'manja. Ndiponso dzanja ili, limene silinafundenso ngakhale ndiliwothetse moto. Mwana wa mnansi akatentha thupi, amayamba kuthamangira kwa ine. Ndimamugwira pamphumi mpaka atonthole, kenako ndimawathamangitsira kuchipatala, chifukwa ndine mayi wa dokotala. Alamu anga aja anabwera ndi mdzukulu wawo mwezi wathawu. Anachita kugogoda mwaulemu.