Phulusa ndi Chinthu Chofunda Nsalu Yoyera

Panali mtsikana wina wamng'ono. Kwawo ankamuitana kuti Mzime, chifukwa anali womaliza kubadwa. Mzime anali ndi kagalu. Kagaluko kanali kotuwa mbuu. Dzina lake linali Phulusa.

Mzime ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti Phulusa azikodza panja.

Koma Phulusa ankakodza m'nyumba. Lolemba anakodza m'kolido. Lachiwiri anakodza m'kolido. Malo ake anali omwewo, pakati penipeni.

"Iwe Mzime, wabweretsayu si galu," anatero achimwene ake. "Uwu ndi mpopi wodontha."

Amayi sanaseke. Anafinya chikolopa, n'kupukusa mutu.

"Mwana wanga, ndatopa n'kukolopa," anatero. "Ndikupatsa masabata awiri. Akapanda kusintha, abwerera kumene anachokera."

Mzime anakumbatira Phulusa. Misozi inalengeza m'maso mwake.

Nyumbayo inali yachilendo kwa iwo. Anali atangosamukiramo. Khomo la kumaso linali pafupi ndi msewu wa magalimoto. Kumeneko kagalu sikakanatuluka. Khomo la kuseri linali kumapeto kwa kolido.

Kolidoyo inali yaitali. Inalibe windo. Ngakhale masana munali mdima. Munkamveka fungo la fumbi ndi chinyontho.

Kumapeto kwake, pafupi ndi chitseko, panaima chinthu. Chinali chachitali kuposa achimwene. Chinafunda nsalu yoyera kuyambira pamwamba mpaka pansi. Anachisiya ndi anthu amene ankakhala m'nyumbamo kale. Eni nyumba anati adzachitenga. Sanabwere.

Mzime sankachiyang'ana chinthucho. Akafika pamenepo ankathamanga.

Lachitatu m'mawa Mzime anaitana kagalu kake.

"Tiye, Phulusa. Tiye panja."

Phulusa anamutsatira, tapa, tapa, tapa. Atafika pakati pa kolido, anaima. Anagwetsa makutu. Ubweya wa pamsana unaima.

Kamphepo kanalowera pansi pa chitseko. Nsalu yoyera ija inafufuma. Kenako inaphwa. Inafufumanso. Inaphwanso. Zinali ngati munthu akupuma.

M'kati mwa nsalumo munamveka kaphokoso.

Kwiii.

Mzime anachita tsemwe thupi lonse. Anatembenuka, liwiro. Phulusa anakodza pomwepo. Naye anathawa, mchira uli pakati pa miyendo.

Achimwene anaona mikodzoyo. Anavula silipasi.

"Galu amamva ndi mkwapulo," anatero. "Ndipatse kuno."

Mzime anaima kutsogolo kwa Phulusa. Anatambasula manja.

"Ayi, achimwene. Sakuchita mwano. Akuopa."

"Akuopa chiyani?"

Mzime anangoyang'ana kumapeto kwa kolido. Chinthu chija chinali njo, chili phee.

Tsiku lonse Mzime anaganiza. "Woyamba kuthawa ndinali ine," anadziuza. "Phulusa anandiona. Ine ndikathawa, iye atani?"

M'mawa mwake kunacha ndi nkhungu. Amayi analawira ku ntchito. Achimwene anali kubafa. M'nyumba munali zii.

Mzime anagwada pansi. Anayang'ana Phulusa m'maso.

"Lero sindithawa," ananong'ona. "Ine nditsogola. Iwe unditsate."

Mzime sanaimirire. Anakwawa ngati kagalu. Ankafuna kuona zimene Phulusa ankaona. Simenti inali yozizira.

Anadutsa pakati pa kolido. Phulusa anali pambuyo pake, akulira pang'onopang'ono.

Kamphepo kanalowanso. Nsalu inafufuma. M'munsi mwake munatseguka pang'ono.

Munali maso.

Maso awiri, owala, pafupi ndi pansi. Ankayang'ana Phulusa. Pamwamba pake panali maso ena awiri. Amenewo ankayang'ana Mzime.

Miyendo ya Mzime inafuna kuthawa. Koma Phulusa anadziphatika pabondo lake. Kathupi kake konse kankanjenjemera.

Mzime sanathawe. Anatambasula dzanja. Anasisita Phulusa pamutu.

"Ndili pano," anatero. "Ndili pano."

M'kati mwa nsalu muja, dzanja lina linasuntha. Nalo linasisita kamutu kotuwa.

Mzime anasiya. Dzanjalo linasiya.

Mzime anaimika chala. Dzanjalo linaimika chala.

Mzime anagwira nsalu. Anatsinzina diso limodzi. Anakoka.

Nsalu inagwa pansi. Fumbi linati kobo. Mzime anayetsemula. Phulusa naye anayetsemula.

Inali kabati ya zovala. Pachitseko chake panali kalilole wamkulu. Kaliloleyo anali wakale, wa madontho akuda. M'menemo munali mtsikana wogwada. Munalinso kagalu kotuwa. Mphepo inakankha chitseko cha kabati.

Kwiii.

Mzime anaseka. Mtsikana wa m'kalilole anasekanso.

Koma Phulusa sanaseke. Anauwa. Anabwerera m'mbuyo. Kwa iye, galu wachilendo anali atatseka njira.

Achimwene anatuluka kubafa, thaulo lili paphewa.

"Ha, mzukwa wako ndi umenewu?" anatero. "Mukokere panja basi."

"Ayi, achimwene. Sindimukoka. Abwera yekha. Inu mungondimangirako chitseko cha kabatichi."

Achimwene anang'ung'udza. Komabe anatenga chingwe, n'kumanga. Kabati inasiya kulira.

Mzime anakhala pansi, pafupi ndi kalilole. Anatulutsa kachidutswa ka buledi. Sanakalipe. Sanafulumire. Anangodikira.

"Bwera, Phulusa. Bwera kwa ine."

Phulusa anaponya phazi limodzi. Anaima. Anaponya lina. Anaima.

"Wakhoza," anatero Mzime. "Bweranso."

Phulusa anafika. Anadya buledi m'dzanja la Mzime. Kenako ananunkhiza galu wa m'kalilole. Mphuno zinagundana. Galuyo anali wozizira. Analibe fungo. Phulusa anapendeketsa mutu.

Mzime anatsekula chitseko cha kuseri. Panja nkhungu inali mbuu. Mitengo inkaoneka ngati anthu oima. Phulusa anayang'ana Mzime. Mzime anatsogola. Phulusa anamutsatira.

Anafika pakona ya mpanda, pamene panali mchenga.

"Apa," anatero Mzime. "Malo ako ndi ano."

Phulusa ananunkhiza. Anazungulira. Anazunguliranso. Kenako anakodza.

"Wakhoza, Phulusa. Wakhoza kwambiri."

Phulusa anagwedeza mchira. Anaugwedeza mpaka kutsala pang'ono kugwa.

Kuyambira tsiku limenelo, Mzime sanaiwale. Phulusa akadzuka, Mzime ankati, "Tiye panja." Phulusa akadya, Mzime ankati, "Tiye panja." Phulusa akasewera, Mzime ankati, "Tiye panja." Mawu omwewo. Njira yomweyo. Malo omwewo.

Masiku ena zinkalephereka. Tsiku lina Mzime anachedwa kuchokera kusukulu. Anapeza kadziwe pafupi ndi chitseko. Phulusa anabisala pansi pa tebulo.

Mzime sanamumenye. Anatenga chikolopa ndi sopo. Anakolopa yekha.

"Wayesetsa," anatero. "Unafika mpaka pachitseko. Wochedwa ndine."

Achimwene anamva zimenezo. Anakanda mutu.

"Ine ndimaweruka msanga," anatero. "Ndizimutulutsa. Mawu aja ndi ati?"

"Tiye panja. Koma motsitsa, achimwene. Osati ngati mukuthamangitsa mbava."

Masabata awiri anatha. Linali Loweruka masana. Kunja kunkawaza mvula. Onse anali pabalaza. Amayi ankamwa tiyi.

Kukolido kunamveka kaphokoso.

Kwe, kwe, kwe.

Amayi anaika kapu pansi. Achimwene anatukula mutu.

Kwe, kwe, kwe.

"Kabati ija ndinaimanga," ananong'ona achimwene. "Nanga chimenecho n'chiyani?"

Onse atatu ananyamuka monyang'ama. Anasuzumira m'kolido. Munali mdima. Kumapeto kwake kanthu kena kankasuntha.

Anali Phulusa. Anali atadutsa kolido yonse yekha. Anali atadutsa kalilole yekha. Ankakanda chitseko ndi kaphazi kake. Anacheuka, n'kuyang'ana Mzime.

"Akupempha," anatero Mzime.

"Mutsekulire," anatero amayi. "Galu wamkota sakandira pachabe. Kani ndi kamwana komwe."

Mzime anatsekula. Phulusa anathamangira pakona ya mpanda. Anamaliza, n'kubwerera atanyowa. Mzime anamupukuta ndi thaulo lakale.

"Amayi," anatero Mzime, "kodi abwerera kumene anachokera?"

Amayi anakhala pampando. Anayamba kuganiza. Asanayankhe, Phulusa anafika. Anayasamula. Anagona pamapazi pawo. Anatsamiritsa kamutu pachala chachikulu. Posakhalitsa anayamba kuliza kamkonono.

Amayi anayang'ana pansi nthawi yaitali.

"Tiyi wanga wazizira," anatero motsitsa. "Mmodzi wa inu akanditenthetsere."

"Bwanji osadzuka, amayi?" anafunsa achimwene, akumwetulira.

"Ndidzuka bwanji?" anatero amayi. "Sukuona mwana wagona?"